Mafunso ndi mayankho: za ma oxide, zomwe ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 amandifunsa kawirikawiri

Chaka chilichonse tikangofika pa ma oxide mafunso amakhala omwewomwewo, nde ndangoti ndiwalembe pamodzi. Ambiri ndi a ana a sukulu omwe ndimawathandiza chemistry madzulo kuno ku Area 25, ena ndi a makolo komanso amakaniko angapo omwe sukulu anasiya kalekale koma chidwi chilipobe.

Kodi oxide nchiyani kwenikweni?

Ndi chinthu chomwe chimapangika okosijeni akagwirana ndi element ina imodzi. Imodzi yokha, gwirani pamenepo. Kaboni ndi okosijeni, CO2, imeneyo oxide. Ayironi ndi okosijeni, Fe2O3, oxide. Koma mwala wa laimu, CaCO3, si oxide olo muli okosijeni wambiri chifukwa ma element alimo atatu, imeneyo ndi carbonate. Sulphuric acid chimodzimodzi. Ana ambiri amangoona chilembo O mu formula basi aponya yankho, nde malikisi amathawira pompo.

Okosijeni ndi pafupifupi 21 peresenti ya mpweya tikupumawu ndipo amagwirana ndi pafupifupi element iliyonse. Zokana ndi zochepa, golide, platinum ndi mipweya ngati helium, neon ndi argon. Nchifukwa chake golide amapezeka pansi ali golide kale pomwe ayironi ndi aluminiyamu umazipeza zili ma oxide, uyambe wavutika kuchotsa okosijeniyo.

Mitundu ilipo ingati, nanga ndiiloweze bwanji?

Pa MSCE ndi inayi: basic, acidic, amphoteric ndi neutral. Koma za kuloweza ndandanda ine sindigwirizana nazo, chifukwa tsiku la mayeso akangokupatsa oxide yomwe sinali mu notsi zako wathedwa. Funso ndi limodzi lokha, oxide imeneyi imachita react ndi chani? Ngati ndi asidi yekha, ndi basic. Ngati ndi alkali yekha, ndi acidic. Ikalola zonse ziwiri ndi amphoteric, ikakana zonse ndi neutral. Ndipo paliponse pomwe reaction yachitika zotuluka zake ndi mchere ndi madzi, mchere wake osati wa mu ndiwo wokha ayi, copper sulphate nayenso ndi mchere, calcium nitrate mchere.

Ukafuna kungoganizira mwachangu, zitsulo zimapereka ma basic oxide, ma non-metal amapereka ma acidic. Zimagwira nthawi zambiri koma osati nthawi zonse, tifikapo kumunsiku.

Basic oxide iliyonse imasungunuka mmadzi?

Ayi ndithu, ndipo apa mpomwe pamagwa anthu. Zosungunuka bwinobwino ndi zochepa, sodium oxide ndi potassium oxide, izi zikakumana ndi madzi zimapanga sodium hydroxide ndi potassium hydroxide, ma alkali amphamvu oti litimasi wofiira amasanduka buluu nthawi yomweyo. Calcium oxide imachita react ndi madzi mwaukali koma hydroxide yake imasungunuka pang'ono chabe. Magnesium oxide pang'ono kwambiri. Copper(II) oxide, ufa wakuda uja, mutha kuvundula mpaka dzanja kutopa, ikhala pansi pa bika phee, litimasi osasintha.

Nde mwana amati sala ndiye kuti si basic. Ndi basic, chifukwa muyeso wake si madzi koma asidi. Thirani dilute sulphuric acid, tenthetsani pang'ono, ufa wakuda uja usowa ndipo madzi asanduka a buluu:

CuO + H2SO4 → CuSO4 + H2O

Alkali ndi base yomwe yasungunuka mmadzi. Copper oxide ndi base koma si alkali, akakufunsani kusiyana kwake yankho ndi limeneli.

Laimu timapaka mnyumba uja ndi oxide?

Funso ili ndimalikonda chifukwa mu laimu mokha muli theka la topic yonse. Nkhani imayambira pa mwala, limestone, wonga womwe amakumba ku Balaka. Mwalawo ndi calcium carbonate. Akauwotcha pa moto wa madigiri pafupifupi 900, mpweya wa CO2 umathawa nkutsala calcium oxide, yomwe mmabuku amati quicklime:

CaCO3 → CaO + CO2

Imeneyi nde oxide yeniyeni, basic. Ukaithira madzi imalira, imatulutsa nthunzi, kutentha koti nkukuwaula, miyala ija nkuphwanyika kusanduka ufa. Ufawo ndi calcium hydroxide, ndipo kawirikawiri laimu wa mmatumba yemwe mumagula ku hadiweya mu tauni pokonzekera Khrisimasi kapena chinkhoswe ndi ameneyu, wathiridwa kale madzi. Mukamupaka pa khoma tsiku loyamba amaoneka wotuwa wosasangalatsa, akamauma nkuyamba kuyera mbee, kenako pang'onopang'ono amagwira CO2 wa mumpweya nkubwerera kukhala calcium carbonate, mwala womwe uja tinayamba nawo. Taonani, acidic oxide, CO2 uja, yakumana ndi base pakhoma la nyumba yanu, zatuluka mchere ndi madzi, ndendende za mu buku.

Laimu wa kumunda, wothira dothi likachuluka asidi, nthawi zambiri amakhala mwala wongogaya osawotcha, nde ameneyo ndi carbonate. Simenti nayenso amachokera ku limestone wowotcha pamodzi ndi dongo, monga amachitira a Shayona ku Kasungu. Chenjezo lokha, laimu mmaso ndi ngozi yeniyeni, akagweramo tsukani ndi madzi ambirimbiri kwa nthawi yaitali kenako kuchipatala, osadikira kuti ziona mawa.

Ma acidic oxide ndi ati?

CO2, SO2, SO3, NO2 ndi P4O10 ndi omwe amabwerabwera. Akalowa mmadzi amapanga asidi. CO2 amapanga carbonic acid yemwe ndi wofooka, ali mu Fanta ndi Coke, ndipo ndi chifukwa chake olo mvula yabwinobwino pH yake imakhala cha pa 5.6 osati 7. SO2 ndi fungo lotsamwitsa lija mukangoyatsa machesi, amapanga sulphurous acid, SO3 nde amapanga sulphuric acid. Mvula ya asidi imabwera SO2 ndi NO2 zikachuluka mumpweya kuchokera ku malasha, dizilo ndi utsi wa galimoto, imadya miyala ya laimu ndi malata, mmaiko ena inapha nsomba mnyanja ndi kuumitsa nkhalango.

Mchenga ukhala bwanji acidic poti suwawasa, komanso susungunuka?

Kkkk musalawe zinthu mu chemistry chonde. Mchenga omwe anyamata amavuula mu mtsinje wa Lilongwe ndi Lingadzi uja mbali yaikulu ndi silicon dioxide, SiO2. Mmadzi susungunuka zoona, litimasi sasintha, hydrochloric acid saukhudza. Koma ukauphika ndi sodium hydroxide wamphamvu wotentha umachita react nkupanga sodium silicate ndi madzi, komanso pa moto waukulu umagwirana ndi calcium oxide nkupanga calcium silicate, zomwe zimachitika mu blast furnace, ng'anjo yaikulu yopangira ayironi, pochotsa zinyalala mu ayironi. Walola base, wakana asidi, nde ndi acidic basi. Muyeso womwe uja.

Chinanso chomwe amakonda kufunsa, kaboni ndi silicon zili gulu limodzi pa periodic table koma CO2 ndi mpweya pomwe SiO2 ndi cholimba chosungunuka pa madigiri oposa 1,600. Chifukwa chake CO2 ndi timamolekyu ting'onoting'ono tosagwirana kwambiri, pomwe mu SiO2 silicon aliyense wagwirana ndi ma okosijeni anayi ndipo okosijeni aliyense wagwira ma silicon awiri, zimangopitirira choncho osaduka, nde kuti usungunule uyenera kudula ma covalent bond ankhaninkhani.

Amphoteric ndimasokonezeka nayo, tafotokozani pang'onopang'ono

Zitatu zokha zikukwanirani: aluminium oxide, zinc oxide ndi lead(II) oxide. Izi zili ngati sapota woti Silver ikawina ali wa Silver, Civo ikawina wavala kale jezi ya Civo. Ikakumana ndi asidi imakhala base, ikakumana ndi alkali imakhala asidi.

ZnO + 2HCl → ZnCl2 + H2O

ZnO + 2NaOH → Na2ZnO2 + H2O

Mchere wachiwiriwo ndi sodium zincate, wa aluminiyamu ndi sodium aluminate. Mayina amenewa alembeni bwino, ambiri equation yoyamba amaikhoza, yachiwiri nkusiya mpata.

Kukhitchini mumaziona tsiku ndi tsiku kungoti simudziwa. Aluminiyamu ndi chitsulo chaukali kuposa ayironi, koma mapoto athu a aluminiyamu sachita dzimbiri, bwanji? Pamwamba pake pamapangika kachikopa kopyapyala kwambiri ka Al2O3, kosaoneka ndi maso, kogwira zolimba koti mpweya ndi madzi sizidutsa. Mukakwecha poto ndi mchenga kapena sitiluwulu kamachoka koma kamabwereranso nthawi yomweyo. Tsono poti nkamphoteric kali ndi adani mbali zonse. Kosita soda, uja ena amapangira sopo kapena kutsegulira mapaipi otsekeka, mukamuika mu poto wa aluminiyamu amadya kachikopako kenako nkuyamba kudya poto weniweniyo uku akutulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka, poto mpaka kubooka. Amayi opanga sopo, gwiritsani ndowa ya pulasitiki yolimba kapena stainless steel. Zowawasa nazonso, matimati kaya chidede, si bwino kuzigoneka masiku mu poto wa aluminiyamu.

Zinc oxide nde muli nayo mnyumba, ili mu calamine wopaka mwana akadwala katsabola, mu mafuta oyera opaka makanda akasupuka ndi thewera, komanso mu mafuta ena oteteza khungu ku dzuwa omwe abale athu achialubino amadalira.

Neutral ndiye kuti ndi yosaopsa eti?

Ayi ayi ayi. Apa ndilankhule ngati kholo osati mphunzitsi. Neutral zikungotanthauza kuti sipanga mchere ndi asidi olo alkali, litimasi sasintha. Zitsanzo ndi CO, NO ndi N2O. Koma carbon monoxide, CO, ndi wakupha kuposa ma oxide onse omwe mungakumane nawo pakhomo.

Amapangika makala akamayaka pomwe mpweya ukuchepa. Mpweya ukakwana kaboni amapsa mpaka CO2, ukachepa amathera pa CO. Nde taganizani June kapena July kuno ku Lilongwe, kwazizira, magetsi azima, munthu walowetsa mbaula kuchipinda, watseka chitseko ndi mawindo, pansi pa chitseko watsekaponso ndi chiguduli kuti mphepo isalowe, nkugona. CO alibe fungo, alibe mtundu, satsokomoletsa, makala ofiira bwino opanda utsi omwe anthu amati apsa kale aja amamutulutsabe. Akalowa mmagazi amakakamira ku haemoglobin, yomwe imanyamula okosijeni mmagazimo, mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, nde magazi amangozungulira osanyamula okosijeni wokwanira. Zimayamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo choipa kwambiri nchoti munthu ali mtulo sadzuka kuti athawe. Mmawa anthu nkumati banja lonse lalodzedwa, pomwe ndi mbaula.

Jenereta mnyumba kapena mu shopu yotseka chimodzimodzi, galimoto yolira mu garaja yotseka chimodzimodzi. Mukapeza munthu wakomoka mchipinda muli mbaula, tsegulani zitseko ndi mawindo, mtulutseni panja msanga, thamangirani naye kuchipatala olo atatsitsimuka nkumati ali bwino. Mbaula iziphikira panja kapena pakhonde, kuzizira tithane nako ndi bulangete.

N2O ndi uja madokotala a mano mmaiko ambiri amagwiritsa ntchito pochepetsa ululu. NO amapangika mphezi ikang'anima, nayitrojeni ndi okosijeni wa mumpweya zimagwirana chifukwa cha kutentha, kenako NO amasanduka NO2, mvula nkumutsitsira mdothi ngati nitrate, kafeteleza kaulere ka dzinja.

Madzi nawonso ndi oxide?

Eya, H2O, oxide ya hydrogen. Pa mayeso a sekondale muike pa neutral, pH 7. Mukadzafika ku koleji adzakuuzani kuti madzi amatha kupereka komanso kulandira proton, nde amawawerengeranso ngati amphoteric, koma zimenezo zisakusokonezeni pano. Hydrogen peroxide, H2O2, wotsukira mabala uja ndi china, ali mgulu la ma peroxide momwe ma okosijeni awiri agwirana okhaokha.

Dzimbiri ndi oxide yanji, nanga bwanji malata ena amatha msanga?

Ndi iron(III) oxide yokhala ndi madzi mkati. Kuti ipangike pafunika zonse ziwiri, okosijeni ndi madzi, chimodzi chikasowa msomali ukhala bwinobwino, ndi experiment ya matesiti chubu atatu ija, wina madzi owiritsa othira mafuta pamwamba, wina calcium chloride woumitsa mpweya, wina madzi wamba. Mchere ndi asidi zimafulumizitsa.

Kusiyana kwake ndi aluminiyamu nkoti dzimbiri siligwira, limafufuma nkumayoyoka, pansi pake nkuonekera chitsulo chatsopano, nachonso chichite dzimbiri, mpaka lata kubooka. Malata amawakuta ndi zinc kuti zinc ndi amene aziyamba kudyeka, ndipo olo lata litakandika zinc wozungulira pamenepo amatetezabe. Malata otchipa kwambiri nthawi zambiri amakhala opyapyala, zinc wakenso wochepa, nde akangotha basi dzimbiri layamba, makamaka mmabowo a misomali ndi pamwamba pa khitchini pofika utsi.

Dothi lofiira la katondo, fumbi lomwe limatipaka mu October muno, mtundu umenewo ndi iron oxide yomweyo. Njerwa zimafiira mu uvuni pa chifukwa chomwecho, ndipo zomwe zapsa mosowa mpweya zimatuluka zakuda kapena zotuwa chifukwa ayironi wake sanafike pa Fe2O3.

Ndinamva kuti manambala a pa thumba la feteleza ndi ma oxide, zoona?

Zoona, ndipo alimi ambiri sadziwa. Pa 23:21:0+4S, 23 ndi peresenti ya nayitrojeni, koma 21 si phosphorus weniweni, ndi phosphorus wowerengedwa ngati P2O5, ndipo nambala yachitatu ndi potaziyamu wowerengedwa ngati K2O, 4S yo ndi sulphur. Sikuti mthumbamo muli ma oxide amenewa ayi, P2O5 weniweni ndi wolusa moti sungamugwire ndi manja, kangokhala kawerengedwe kakale komwe makampani a feteleza anakakamira. Kuti mupeze phosphorus weniweni chulukitsani ndi 0.44, potaziyamu ndi 0.83. Nde thumba la makilogalamu 50 la 23:21:0 lili ndi makilogalamu 10.5 a P2O5, phosphorus weniweni ndi makilogalamu 4.6 basi. A Fomu 4 yeserani nokha kupeza 0.44 ameneyo, P ndi 31, O ndi 16, P2O5 ikhala 142, nde 62 kugawa ndi 142.

Ndiye chitsulo chilichonse chimapereka basic oxide?

Osati chilichonse. Tsatani period 3 kuchokera kumanzere: Na2O basic kwambiri, MgO basic, Al2O3 amphoteric, SiO2 acidic mofooka, kenako P4O10, SO3 ndi Cl2O7 asidi wake kumka nakula. Kumanzere ma bond ndi ionic, muli oxide ion yomwe imalanda H+ nkupanga madzi, ubasic wonse gwero lake ndi limenelo. Kumanja ndi covalent. Komanso zitsulo zina zikanyamula okosijeni wambiri zimatembenuka, CrO3 ndi Mn2O7 ndi acidic ngakhale chromium ndi manganese zili zitsulo. Izi pa MSCE sizibwerabwera koma nzabwino kudziwa.

Sukulu yathu ilibe labu, tingayesere chani kunyumba?

Zilipo zingapo zosafuna ndalama. Viikani chidede mmadzi otentha, madzi ofiirawo ndi indicator yabwino kwabasi, amasintha mtundu ngati litimasi, mukadonthezamo ndimu kapena viniga amafiira kwambiri, mukathira madzi a laimu kapena a phulusa amasanduka obiriwira modera. Madzi a laimu kupanga kwake, supuni imodzi ya laimu wopaka mu botolo la madzi, khutchumulani, siyani usiku wonse adikhe, mmawa tsanulani oyera a pamwambawo. Tengani sitilo, uzirani mpweya wanu mmenemo, achita mtambo woyera, ameneyo ndi calcium carbonate ndipo mwatsimikiza kuti mumapuma CO2. Pitirizani kuuzira osatopa, mudzaona akuyeranso chifukwa CO2 wochuluka wasandutsa carbonate ija kukhala calcium hydrogencarbonate yemwe amasungunuka. Uzirani kokha, osakoka. Soda wa therere mukamuthira viniga mu botolo nayenso amatulutsa CO2 wambiri, mutha kumulowetsa mmadzi a laimu ndi kapaipi.

Mitundu ya maonekedwe yofunika kukumbukira ndi iti?

MgO, CaO ndi Al2O3 zoyera. CuO ndi MnO2 zakuda, MnO2 ndi ufa wakuda wa mu mabatire a tochi uja. Fe2O3 yofiirira, Fe3O4 yakuda ndipo imakokedwa ndi maginito. ZnO ndi yachikasu ikatentha, yoyera ikazizira, iyi amaikonda zedi pa practical. NO2 ndi mpweya wabulawuni, wapoizoni. PbO2 yabulawuni woderako, ili mu batire ya galimoto.

Kupatula kukhoza mayeso, zimenezi zili ndi phindu lanji ku Malawi kuno?

Miyala yambiri yomwe dziko lino likuyembekezera kuti ibweretse ndalama zakunja ndi ma oxide. Ku Kasiya konkuno m'boma la Lilongwe kuli rutile, yemwe ndi titanium dioxide, TiO2, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals ndi yomwe yakhala ikufufuza ndipo malowa ali mgulu la aakulu kwambiri padziko lonse. TiO2 ndi amene amayeretsa penti yoyera, alinso mu mankhwala ena otsukira mano, ndipo chitsulo cha titanium cha ndege chimachokera momwemo. Pa phiri la Mulanje pali bauxite, gwero la aluminium oxide. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009, chomwe umatulutsa ndi oxide ya uranium, U3O8.

Nkhani imakhala pochotsa okosijeniyo, reduction. Oxide ya ayironi imagonja ndi kaboni, Fe2O3 + 3CO → 2Fe + 3CO2, CO yemwe uja wa pa mbaula apa nde akugwira ntchito yabwino. Makolo athu ankachita zimenezi mu ng'anjo zadothi ndi makala nkumasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo azungu asanabwere, ndipo zotsalira za ng'anjo zina zikuonekabe ku Kasungu National Park. Koma aluminium oxide kaboni saithyola mwa njira imeneyi chifukwa aluminiyamu ali pamwamba pa kaboni mu reactivity series, pamafunika electrolysis, oxide ija isungunulidwe mu cryolite pa madigiri pafupifupi 950 nkudutsitsamo magetsi ochuluka koopsa usana ndi usiku osazima. Nchifukwa chake ma fakitale a aluminiyamu amamangidwa komwe magetsi ndi ambiri komanso otchipa, monga momwe anamangira Mozal ku Mozambique kufupi ndi Maputo, ndipo nchifukwa chakenso amisiri athu opanga mapoto amangosungunula aluminiyamu wakale wa zitini ndi zida za galimoto, poti kusungunula chitsulo chomwe chilipo kale kumangofuna madigiri 660, moto wa makala wopemerera bwino umafikapo.